MBALE YA KU KOREA INATIKUMBUTSA CIKWATU

Wolemba Mtolankhani Wathu

Cibadwire cao Amai anga anali asanadyepo cakudya ndi timitengo. Motero pamene mlamu wanga ananena kuti atitengera ku nyumba yodyeramo ya anthu a ku Korea mu Lusaka, iwo anafunsa funso limodzi lokha: "Kodi nsima ikakhalako?" Titawauza kuti kumeneko kuli mpunga wokha, anapukusa mutu nati, "Ndiye kuti lero tigona ndi njala."

Munali m'mwezi wa Okutobala caka ca 2024. Amai anali atabwera kucokera kumudzi kwathu m'boma la Katete kudzaona khanda la mlongo wanga, ndipo mlamu anafuna kulemekeza apongozi ace asanabwerere. Za dziko la Korea Amai anali kudziwa cinthu cimodzi, ndico mpira. Pa 19 Sepitembala 1988, pa masewera a Olimpiki, anyamata athu anagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0 mu mzinda wa Gwangju, ndipo zitatu mwa zigolizo anagoletsa ndi Kalusha Bwalya. Tsiku limenelo malemu atate anavina pabwalo wailesi iri m'manja, ine ndiri khanda kumsana kwa Amai. "Ngati ndi kwao kwa anthu amene aja," anatero Amai pomanga duku, "tiyeni tikaone cimene amadya."

Vuto loyamba silinali cakudya ai, koma thebulo. Kwathu mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ace aakazi, koma pano tonse asanu ndi mmodzi anatikhazika pa thebulo limodzi: Amai, mlamu, mlongo wanga, mkazi wanga, mwana wathu wamkazi wa zaka 11, ndi ine. Amai anasankha mpando wa kumapeto, nakhala cammbali kuti maso ao asakumane ndi a mlamu. Mlamu nayenso anayang'ana m'mbale yace madzulo onsewo.

Tisanaitanitse kanthu, mnyamata woperekera zakudya anayala timbale tating'ono tambiri pakati pa thebulo. M'kena munali masamba owiritsa othira mafuta a citowe, m'kena mphukira za nyemba, m'kena tinsomba touma tokazinga tofanana ndi kapenta, ndipo m'kena munali kabici wofiira psu. Tindiwo timeneti eni ace amaticha banchan, ndipo mwambo wao ndi wakuti kambale kakatha amakadzazanso popanda kuonjezera mtengo. Pambuyo pace panabwera nyama ya ng'ombe yodula mopyapyala yochedwa bulgogi, msuzi wa soya wotentha uli m'kamphika kace, ndi mpunga woyera womatana, yense ndi kambale kace. Timitengo todyera tinali ta citsulo, toterera kwabasi. Mwana wathu yekha ndiye anatitha msanga. Enafe tinathawira ku supuni.

Akulu anati safunsa anadya phula. Ine poona kufiira kwa kabici uja ndinayesa kuti ndi matimati, ndipo ndinatapa supuni yodzaza. Sanali matimati koma tsabola, ndipo kabiciyo anali wozizira ndi wowawasa. Misozi inalengeza m'maso, mphuno inayamba kucuca, mwana wanga nagwa nako kuseka. Amai sanaseke. Anatenga kacidutswa kakang'ono, nakanunkhiza, nakatafuna pang'onopang'ono monga amacitira polawa thobwa la tsiku laciwiri. Kenaka anati, "Masamba awa si a lero ai. Awa ndi osungidwa. Mwana wanga, tafunsa kuti anawasunga motani kuti asaole."

Mwini nyumbayo anali mai wacikulire wa ku Korea. Atamva kuti gogo wa kumudzi ali ndi funso, anabwera yekha, napereka cikho ca madzi kwa Amai ndi manja awiri. Amai analandira ndi manja awiri, ndipo pomwepo nkhope zao zonse zinamasuka. Maiyo anatiuza kuti kwaonso wamng'ono sayamba kudya wamkulu asananyamule supuni. Iye anali kulankhula Cingerezi, ine ndi kumasulira.

Kabici ameneyu, anatero, dzina lace ndi kimchi. Amatenga kabici wa masamba atali, m'bale wace wa cainizi amene timalima m'madimba, namng'amba pakati, namthira mcere wambiri kufikira atafota. Akamtsuka amapaka pakati pa masamba phala la tsabola wofiira wopera, adyo, jinja, anyezi ndi tinsomba kapena tinkhanu tothira mcere. Kenaka amamsindira m'mitsuko ya dothi ndi kuvundikira. M'mitsukomo tizirombo tosaoneka ndi maso, ta mtundu womwe uja umene umasandutsa mkaka kukhala cambiko, timawawasitsa masambawo, ndipo kuwawasako pamodzi ndi mcere ndiko kumaletsa kuola.

Amai anafunsa kuti anthu adzivutiranji motero m'malo mongothyola masamba aawisi. Maiyo anayankha kuti kwao kucokera Disembala kufikira Febuluwale kumakhala cisanu coopsa, madzi amauma gwa, ndipo m'munda simumera kanthu. Cifukwa cace kumapeto kwa Novembala mabanja ndi anansi amasonkhana kukonza kimchi wa miyezi yonse ya cisanu, lero pakhomo pa uyu, mawa pakhomo pa uyo, monga momwe makolo athu anali kucitira dima. Nchito imeneyi amaicha kimjang. Kale mitsukoyo anali kuikwirira pansi mpaka m'khosi kuti zamkati zisaume ndi cisanu. Banja losakonzeka linali kudya mpunga wopanda ndiwo, ngati mpungawo unalipo, pakuti dziko lao linaona njala yaikuru, makamaka itatha nkhondo ya 1950 mpaka 1953. Anali nayo nyengo imene anaicha boritgogae, ndiko kunena citunda ca barele, pamene mpunga wa caka catha watha koma barele asanace. Amai anagwedeza mutu, pakuti citunda cimeneco ife timacikwera mu Januwale ndi Febuluwale.

Pamenepo maiyo anaturutsa foni natisonyeza cithunzi ca nyumba ya kumudzi kwao. Pansi pa denga panali masamba obiriwira atapacikidwa m'mizere kuti aume ndi mphepo. Anati amenewo ndi siraegi, masamba a mbeu ina ya mizu yoyera, amene amawaumitsa ndi kudzawaphika mu msuzi m'nyengo ya cisanu. Anaonjeza kuti kwao amadyanso masamba a maungu ndi mapesi anthete a mbatata. Amai anayang'anitsitsa cithunzico, naomba m'manja kamodzi, nati mokweza, kuiwala kuti mkamwini ali pomwepo: "Mfutso! Anthu awa amadya mfutso!"

Mlamu analipira mobisa, koma Amai anaona ndalama zimene zinaturuka m'thumba, zokwanira matumba angapo a ufa m'caka ca njala. M'galimoto anakhala cete nthawi yaitali. Pafupi ndi kunyumba ndi pamene anati, "Anzathu ndiwo zao za pa umphawi azikweza pa thebulo, ndipo mabwana alipira kuti alawe. Zathu ana athu acita nazo manyazi." Sanachule dzina la munthu, koma ine ndinadziwa kumene mubvi unalunjika. Caka ciri conse Amai amatitumizira mfutso pa basi, ndipo caka ciri conse umakhala kuseri kwa kabati kufikira utafumbwa. Alendo akabwera sitinauphikepo ndi kamodzi komwe.

Patapita masiku atatu ndinawaperekeza kumudzi. Kucokera ku Lusaka kufika ku Katete ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 500 pa mseu waukuru wa kum'mawa. Basi inanyamuka mbandakuca, inapyola Chongwe, inakhotakhota m'mapiri a Manenekela, niima pa mlatho wa Luangwa. Apaulendo onse anatsika kukagula nsomba zouma, ena a masuti ndi mataye, osacita manyazi ndi pang'ono pomwe. Amai anandikodola nati, "Taona. Nsomba yoyanika ailemekeza. Nanga masamba oyanika analakwanji?"

M'mbali mwa mseu, kuyambira ku Nyimba mpaka m'tsogolo, minda inali mbee. Owerenga akumbukira kuti m'dzinja la caka cimeneco mvula inadula cimanga ciri pafupi kumasula. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo m'mizinda mafiriji amene tinali kunyadira anasanduka makabati. Zoonadi cakudza siciimba ng'oma.

Tinatsikira pa Sinda cifukwa Amai anafuna kukapepesa maliro kwa abale athu a kufupi ndi Chassa. Sinda inakhala boma payokha mu 2012, itadulidwa ku Katete ndi ku Petauke, ndipo pamsika pace Cicewa ndi Cinsenga zimamveka pamodzi. M'mawa mwace ndinayendera msikawo. Repu, kabici ndi matimati zinalipo, koma milu yace inali yaing'ono ndipo mitengo inali yokwera, pakuti zitsime za m'madimba ambiri zinali zitaphwa. Ca kumapeto kwa msika, pansi pa mtengo, gogo wina anali atayala thumba, ndi kuikapo timilu ta mfutso wa khobwe ndi wa mnkhwani, umene a m'tauni amati cibwabwa. Analibe thebulo kapena mthunzi wa malata monga anzace. Ndinaona mai wina wacitsikana, wobvala bwino, akugula milu iwiri, nayang'ana uku ndi uku, naikankhira pansi pa cikwama. Dzuwa lisanafike pamutu gogoyo anali atakung'untha thumba lace, pamene a repu anali kuwazabe madzi pa masamba ofota.

Madzulo tinafika ku Katete, phiri la Mphangwe liri tolotolo m'nkhungu ya cirimwe, anyamata a njinga akulimbirana katundu wathu. Tinapitirira cipatala ca St Francis, cimene cakhala cikuthandiza anthu a cigawo cino kuyambira 1948, ndi kulowa njira ya kumudzi. Nkhokwe zambiri zinali zoyasama. Ya Amai inali ndi cimanga cofika m'maondo, ndipo anali ataciwerengera kale kuti cikafika pa Khrisimasi ngati adya kamodzi pa tsiku. Koma m'khichini mwao, pamwamba pa moto, panali kulendewera zikwatu zinai zakuda bii ndi mwaye.

Pano ndiyenera kufotokoza, cifukwa ndapeza kuti ana ambiri a m'mizinda sacidziwa cikwatu. Kufutsa ndiwo kumacitika kuyambira Febuluwale kufikira Epulo, pamene masamba ali mbwee m'minda kotero kuti ena amangoola. Mai amathyola masamba anthete a maungu, a khobwe, a nyemba, bonongwe, luni kapena cisoso. Amawasadzula ndi kuwatsuka, nawaviika m'madzi owira kanthawi kocepa, osati kuwaphika mpaka kupsa. Akawatsanula amawayanika pa mphasa kufikira atauma kuti tsokotsoko. Bowa ndi therere nazonso zimayanikidwa. Kenaka amatenga masamba akuluakulu a msuku, nawalumikiza ngati mpira, nathiramo mfutso, namanga ndi luzi, napacika kudenga kumene utsi umapitikitsa anankafumbwe ndi cinyezi. Cimeneco ndico cikwatu. Alangizi a zaumoyo amaonjezapo uphungu umodzi, wakuti masamba oyanika pamthunzi podutsa mphepo amasunga mavitamini ambiri koposa oyanika padzuwa lamoto.

Usiku umenewo Amai anamasula cikwatu cimodzi. Anatapa manja awiri okha, nawanyika m'madzi, ndipo mfutso unafufuma kudzaza mphika. Anatendera ndi nsinjiro, nathira kambuzi mmodzi. Ana a mbale wanga anasonkhana, ndipo ngakhale nsima inali yocepa, palibe anadya yosuma. Ine ndinanyambita zala. Amai anandiyang'ana cammbali nati, "Pano sulipira kanthu, bwana."

Cifukwa ca nchito ndinayenera kufikanso ku Vubwi, kumene azakhali anga anakwatiwa. Ndinadzera ku Chipata ndi kutembenukira kum'mwera. Vubwi nayo inakhala boma mu 2012, itacoka m'manja mwa Chadiza. Ndi dziko la Mfumu Pembamoyo, la mapiri ndi zigwa, lopanikizika pakati pa Malawi ndi Mozambique, kotero kuti munthu akhoza kugona m'dziko lino ndi kukalira maliro a mbale wace m'dziko lina tsiku lomwelo. Azakhali anandilandira ndi thobwa, ndipo nditawasimbira za kimchi anaseka mpaka kutsokomola. Koma nditafunsa za zikwatu zao nkhope inagwa.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero, "masamba a msuku uwapeza kuti? Pamene ndinabwera kudzakwatiwa misuku inali kuseri kwa nyumba. Lero uyenda mpaka miyendo kuwawa. Yonse inapita m'matumba a makala." Mfutso wao anali atauika m'matumba a pulasitiki, ndipo wina unali utacita nkhungu cifukwa pulasitiki imasunga cinyezi. Anadandaulanso kuti bowa wacepa, pakuti bowa wa m'chire amamera pansi pa mitengo yomweyo. Akazi a ana ao palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumanga cikwatu. Atsikana a masiku ano, anatero azakhali, amati mfutso ndi ndiwo za agogo.

Pakhonde pa sitolo ya m'mudzimo ndinaona cina cimene cinandikumbutsa msuzi uja wa ku Lusaka. Panali kulendewera timapaketi ta nyama ya soya tocokera ku mafakitale. Alimi a ku Vubwi, Sinda ndi Katete amalima soya, namgulitsa yense kwa ogula mbeu nthawi yokolola pamene mtengo uli pansi, kenaka namgulanso m'timapaketi pa mtengo wokwera. Ku Korea soya amamphika, namsinja, naumba zigulumwa zimene amapacika kuti ziume, kenaka naziviika m'madzi a mcere m'mitsuko miyezi yambiri. Zotsalira pansi ndizo doenjang, phala la msuzi umene tinamwa uja, ndipo madzi ace ndiwo amakoleretsa ndiwo zina. Mbeu ya m'munda mwao imathera m'mimba mwa ana ao. Kwathu kuno, kafukufuku wa Boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 ali onse osafika zaka 5 anali opinimbira. Mwana sakula ndi nsima yokha.

Sindikunena kuti amai a ku Katete ayambe kukonza kimchi. Kutentha kwa Okutobala kungamuwawasitse mopitirira m'masiku ocepa, ndipo ngakhale eni ace lero amamsunga m'mafiriji opangidwira iye yekha. Makolo a anthu a ku Korea anagwiritsa nchito cisanu cimene anali naco, ndipo makolo athu anagwiritsa nchito dzuwa ndi utsi zimene anali nazo. Nzeru ndi imodzi, ya kusunga za nthawi ya mwanaalirenji kuti zikapulumutse m'nthawi ya usiwa. Kusiyana kuli pa ulemu. Mu 2013 bungwe la UNESCO linalemba kimjang m'kaundula wa cuma ca miyambo ya anthu a dziko lonse lapansi. Boma la South Korea linapatula 22 Novembala kukhala tsiku la kimchi, ndipo mu mzinda wa Gwangju womwe uja, kumene Kalusha anagoletsa zigoli zace, muli likulu la akatswiri ofufuza za kimchi yekha.

Ifenso tiri m'kaundula yemweyo. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, ndipo caka ndi caka kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Gule timamuonetsa kwa alendo mosangalala, ndipo nkoyenera kutero. Koma cikwatu, cimene cinalera ovina guleyo ndi oimba ng'oma zace m'zaka za njala, timacibisa kukhichini. Kodi ndi nyumba zodyeramo zingati pa mseu wa kum'mawa zimene zimalemba mfutso wotendera pa bolodi, pambali pa nkhuku ndi nyama? Kodi ndi masukulu angati amene amaphunzitsa ana kufutsa ndiwo za m'munda wa sukulu? Nanga magulu a amai ndi alangizi a zaulimi sangakhazikitse tsiku m'mwezi wa Malici lakuti mudzi wonse ufutse pamodzi, ndi kugawirako okalamba ndi amasiye? Zimenezi sizifuna ndalama za kunja. Zifuna mphasa, mphika, luzi ndi misuku yosadulidwa.

Mvula ya caka cotsatira inagwa bwino, ndipo mu 2025 dziko linakolola cimanga cambiri. Pamenepo ndi pamene anthu amaiwala. Koma m'nyumba mwanga munali munthu mmodzi amene sanaiwale. Mwana wathu, uja anatha timitengo ta citsulo, anaumirira kuti pa chuthi ca Epulo apite kwa ambuye ace. Anakhalako masabata atatu. Pobwera anatsika basi atanyamula cikwatu copotoka, luzi liri lendelende, masamba a msuku ena atang'ambika. "Atate," anatero, "Ambuya ati ici nca alendo. Ati musacibisenso kuseri kwa kabati."

Tinacipacika pa msomali m'khichini, poonekera. Mlendo woyamba kudya anali mlamu, ndipo anapempha kuti amuonjezere.